Mphunzitsi wa utelala ali pa mulu wa kaunjika

Wachinyamata wa ku Geisha mu mzinda wa Mzuzu amene akufuna kumadya za singano ndi ulusi ali ndi mdani wamkulu: kaunjika. Munthu sangalipire shati yokhota kolala pamene pamsika pali ina yosokedwa bwino, yotchipanso. Komatu anzanga a m'makalabu, mdani yemweyu angathe kukuphunzitsani ntchito.

Gulani shati imodzi ya kaunjika yokukwanani bwino, ngakhale ikhale yosuluka. Imasuleni msoko uliwonse ndi lezala, modekha. Mudzapeza zidutswa izi: ziwiri zakutsogolo, chakumsana, chapamapewa, manja, kolala ndi thumba. Zisiteni, muziyale pa nyuzipepala ndi kulemba mozungulira. Mwapezatu patani popanda kulipira mphunzitsi. Pomasula muzionetsetsa kuti anzathu akufakitale anayamba kulumikiza pati ndipo anamalizira pati, chifukwa inunso mudzatsata ndondomeko yomweyo.

Nsalu si yovuta kupeza. Pa msika wa Taifa pali zitenje zambirimbiri zolowa kudzera ku Tanzania, ndipo chitenje chimodzi cha mamita 2 chimakwana shati ya manja aafupi ya munthu wa thupi lapakati. Musanadule, chichapeni chiume. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndiye mukathamangira sizasi, mwini shati adzabwera atakwiya itangochapidwa kamodzi. Podula, utali wa shati utsate m'mphepete mwa nsalu, ndipo musiye sentimita 1.5 ya msoko ngati patani yanu ilibe.

Makasitomala amayamba kuyang'ana kolala. Ikani nsalu yolimbitsa m'kati mwake, dulaniko makona musanaitembenuze kuti nsonga zituluke zosongoka, kenaka ipindeni pakati muone ngati mbali ziwiri zikufanana. Zikasiyana, masulani. Palibe ayironi imene ingawongole kolala yodulidwa molakwika. Manja nawo amaliritsa ophunzira ambiri, chifukwa mutu wa dzanja umakhala wautali pang'ono kuposa bowo lake. Musadule chotsalacho! Yambani mwasoka ndi manja misoko ikuluikulu, mugawe nsaluyo mofanana, kenaka mupite nayo pa makina. Ndipo msoko uliwonse muziusita mukangousoka. Ambiri amanyozera zimenezi poopa kutha makala, koma shati yosasitidwa posoka imaonekera patali.

Musaiwale kuti pa shati ya abambo mabowo a mabatani amakhala kumanzere kwa wovala. Komanso ngati chitenje chili ndi maluwa akuluakulu, onetsetsani kuti akumana bwino pachifuwa. Apa ndiye pamene mungagonjetse kaunjika, chifukwa shati ya chitenje yoyezera munthu sipezeka m'belo.

Shati yoyamba muvale nokha, musagulitse. Ionetseni kwa telala wamkulu wa pakhonde la sitolo ndipo mum'funse mwaulemu kuti, "Bambo, ndalakwitsa pati?" Ngati kalabu yanu ili ndi makina amodzi okha opondera, gawanani masiku: wina azidula pamene mnzake akusoka. Amene dzanja lakhazikika afunse ku ofesi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, za maphunziro a utelala ndi satifiketi. Satifiketiyo idzakuthandizani mukamakapempha oda ya mayunifolomu kwa aphunzitsi aakulu sukulu zikamatsegulira.