Kamera ndi Kompyuta Zikapanda Kumvana

Amalume anga akhala akujambula zithunzi ku Ndirande kwa zaka zambiri. Ankayenda wapansi kuchokera ku Chinseu mpaka ku Goliyo, kamera ili m'khosi, ndipo Loweruka sankasowa pa chinkhoswe kapena ukwati. Mu 2013 mnzawo wina wochokera ku Johannesburg anawagulitsa kamera ya digito pamodzi ndi khadi losungira zithunzi la 64 GB. Sabata yomweyo anajambula ukwati ku Bangwe, ndipo Lolemba ananditenga kupita pamalo ena a intaneti kuti tikasamutsire zithunzizo pa CD. Mnyamata wa pamalopo atalowetsa khadi mu card reader, kompyuta yake ya Windows XP inanena kuti khadilo silinafomatidwe, n'kufunsa ngati ilifomate. "Madala, khadi lanuli ladwala, koma tilikonza pompano," anatero uku akudina batani lovomera. Zithunzi zonse za ukwati zinasowa, ndipo amalume anabweza ndalama kwa eni ake mwamanyazi.

Papita zaka kuti ndimvetse zomwe zinachitika tsiku lija. Khadi linali labwinobwino, kompyuta nayonso inalibe vuto. Ziwirizi zinangolephera kumvana, monga anthu awiri anzeru zawo amene alibe chiyankhulo chimodzi.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Zodziwika kwambiri ndi Windows ya kampani ya Microsoft, macOS ya Apple, ndi Linux imene aliyense angatenge mwaulere. Kamera ikalumikizidwa ndi chingwe cha USB, pulogalamu yaikuluyi imafunika kudziwa kuti chalowacho n'chiyani ndipo ichiyankhule bwanji. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kapulogalamu kotchedwa dalaiva. Dzinali limasokoneza chifukwa kwathu kuno dalaiva ndi wa minibasi. Ine ndikadakatcha womasulira, pakuti ntchito yake ndi yomweyo. Windows 98 sinkabwera ndi womasulira wa zipangizo zosungira zinthu za USB, n'chifukwa chake makamera a nthawiyo ankagulitsidwa ndi CD m'bokosi. Wogula kamera yakale pamsika wa Limbe, yopanda bokosi ndi CD yomwe, ankangoona kompyuta ili duu.

Opanga zipangizo anathetsa vutoli pogwirizana njira ziwiri. Pa njira yoyamba kamera imadzionetsa ngati fulashi wamba, ndipo kompyuta imatsegula khadi n'kuliwerenga yokha. Yachiwiri imatchedwa PTP, ndipo bungwe la ISO linaivomereza mu 2005. Pa njira iyi kompyuta sigwira khadi ayi. Imangopempha kamera kuti iipatse chithunzi chakutichakuti, ndipo kamera ndi imene imawerenga khadi lake. Windows XP, imene inatuluka mu 2001, inkadziwa njira zonse ziwiri. Makompyuta a Apple ali ndi pulogalamu ya Image Capture, pomwe a Linux amadalira gPhoto. Mwa mitundu ya Linux, ambiri amadziwa Ubuntu, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi m'bale wa mawu athu akuti umunthu.

Tsono pamene amalume anagwera ndi pa kalembedwe ka m'khadi. Khadi lili ngati kope la ngongole la pagolosale: muli tsamba losonyeza kuti chinthu chilichonse chalembedwa pati. Makhadi a SD oyamba, ofika 2 GB, ankatsata kalembedwe ka FAT16. Mu 2006 kunabwera SDHC, ofika 32 GB, a kalembedwe ka FAT32 kamene Windows, Apple ndi Linux zonse zinkakadziwa. Mu 2009 kunabwera SDXC, akuluakulu kuposa pamenepo, ndipo awa anatenga kalembedwe katsopano ka Microsoft kotchedwa exFAT. Windows XP inali yakale kuposa kalembedweka, choncho inkafunika kuwonjezeredwa kapulogalamu kuchokera pa intaneti kuti ikawerenge. Apple inayamba kukawerenga mu 2010, ndipo Linux inakalowetsa m'kati mwake mwenimweni mu 2019. Kompyuta ija itaona malemba osawadziwa inangoganiza kuti kope ndi lopanda kanthu, n'kupempha kuti ilembe tsamba latsopano. Apa ndimaona kuti olemba uthengawo analakwa. Munthu amene sadziwa Chiyao sanena kuti Myao sakuyankhula. Amavomera kuti iye ndi amene sakumva.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti chingwe cha kamera chinali m'chikwama cha amalume. Kamera yawo inkagwiritsa ntchito PTP, ndiye tikadailumikiza ndi chingwecho ikadawerenga khadi yokha n'kupereka zithunzi bwinobwino. Ngakhale pambuyo pofomata mwayi unalipo, chifukwa kufomata kwa mtundu umenewu kumafufuta tsamba lolozera lija, osati zithunzi zenizenizo. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imatha kuzitolanso malinga ngati khadi silinalembedwenso. Koma amalume, posadziwa, anajambuliranso khadi lomwelo pa chinkhoswe ku Chilomoni Loweruka lotsatira.

Pali kusamvana kwina kumene kumabwera zithunzi zitasamutsidwa kale. Fayilo ya JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imatseguka paliponse. Koma makamera akuluakulu amasunganso zithunzi za RAW, ndipo kampani iliyonse ili ndi mtundu wake: NEF wa Nikon, CR2 ndi CR3 wa Canon. Kompyuta yakale kuposa kamera nthawi zambiri siziwonetsa. Chimodzimodzi zithunzi za HEIC zimene mafoni a iPhone anayamba kusunga mu 2017. Pa makompyuta ena a Windows zimafuna kapulogalamu kowonjezera.

Wina anganene kuti izi n'zakale chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu 2014 ndipo anthu ambiri akujambula ndi foni. Komabe m'mataunishipi mwathu zipangizo sizibwera nthawi imodzi. Kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito kunja imakumana ndi khadi logulidwa dzulo, ndipo kamera ya zaka 15 imakumana ndi laputopu yatsopano. Kamera yakale yotere nayonso imatha kukana khadi la SDXC pa chifukwa chomwechi, mwini wake n'kumati anamugulitsa lachinyengo.

Masiku ano amalume amagula makhadi a 32 GB okhaokha ndipo amawafomata m'kamera momwemo. Asanapereke khadi kwa munthu amatsitsa kabatani ka m'mbali kamene kamaletsa kompyuta kulembamo, ndipo amaimirira kumbuyo kwake mpaka zithunzi zonse zitasamutsidwa.