Galu Wokalamba Akatupa Khutu, Tichite Naye Chiyani?

M'magazini ino timakonda kulemba za unsembe, za mayeso ndi za mpira. Ulendo uno ndati ndikambeko za galu. Mwina ena museka, koma taganizani ntchito imene galu amagwira kuno kwathu ku Mangochi. Ku maparishi ndi m'makomo ndiye mlonda wa usiku, ndipo m'midzi ya kumapiri amapirikitsa anyani m'minda. Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Nanga wamkotayo akadwala, ife timamubwezera chiyani?

Ndikufuna ndifotokoze vuto limodzi limene limasautsa eni agalu. Galu amadzuka m'mawa khutu limodzi litatupa ngati kapilo. Ukaligwira limakhala lofewa ndi lotentha, ndipo galuyo amapendeketsa mutu kumbali ya khutu lotupalo. Madokotala a ziweto amalitcha vutoli aural haematoma. Kawirikawiri iwo amanena kuti pakufunika opaleshoni, koma galu akakhala wokalamba mwini wake amachita mantha kuti mwina sadzukanso akamugonetsa.

Chimatupitsa khutu nchiyani?

Khutu la galu lili ndi kafupa kofewa pakati, kokutidwa ndi khungu mbali zonse ziwiri, ndipo m'menemo mumadutsa timitsempha ta magazi tambirimbiri. Galu akamapukusa mutu mwamphamvu kapena kukanda khutu kosalekeza, timitsemphato timaphulika. Magazi amasowa kolowera, motero amadikha m'kati mwa khutu nkulifufumitsa. Chotupachi si chithupsa ayi. M'kati mwake muli magazi ndi madzi, osati mafinya.

Tsono funso lenileni nlakuti, chikumupukusitsa mutu galuyo nchiyani? Kuno kunyanja zifukwa zake nzambiri. Nkhupakupa zimakonda kubisala m'makutu. Ntchentche zoluma zimasenda nsonga za makutu mpaka zilonda, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Pali utitiri, palinso tizilombo tina ting'onoting'ono tokhala m'kati mwa khutu timene timasiya litsiro lakuda. Agalu amene amakonda kusambira m'nyanja kapena mu Shire, madzi amatsalira m'makutu mwawo, m'kati nkuyamba kununkha ndi kuyabwa. Nthawi zina ndi njere ya udzu imene yalowa, kapena kulumana ndi agalu anzake. Mfundo iyi tiigwiritse: kutupa ndi chizindikiro chabe. Tikachotsa magazi koma osachiza choyambitsa, khutulo lidzatupanso, mwinanso linzake.

Njira zimene zilipo

Njira yoyamba ndiyo kulisiya khutulo osaliboola, nkumachiza choyambitsa chokha. Thupi limamwa magaziwo pang'onopang'ono kwa masabata angapo, mwina kupitirira mwezi. Chotupachi pachokha sichipha galu. Komabe masiku oyamba galu amamva ululu ndi kulemera, ndipo khutu likamapola limakwinyika ngati tsamba louma. Kukwinyikako kukakula kungathe kupanikiza bowo la khutu, mpweya nkumalephera kulowa, matenda a m'kati nkumabwererabwerera.

Njira yachiwiri ndiyo kupopa magaziwo ndi jekeseni. Dokotala amachita zimenezi mwachangu, ndipo galu wofatsa safunika kumugonetsa tulo tofa nato. Madokotala ena akapopa amathiramo mankhwala ochepetsa kutupa, ena amaikamo kapaipi kakang'ono koti madzi azitulukira kwa masiku angapo. Vuto lake nlakuti malo opopedwawo amakonda kudzazanso, choncho mwini galu ayenera kukonzeka kubwererako kawiri kapena katatu.

Njira yachitatu ndiyo opaleshoni. Galu amamugonetsa ndi mankhwala, dokotala amang'amba khungu la m'kati mwa khutu, amachotsa magazi onse oundana, kenaka amasoka ulusi m'malo ambiri kuti khungu limamatirenso ku kafupa kaja ndipo pasatsale malo odikhamo magazi. Ulusiwo amauchotsa pakapita masabata awiri kapena atatu. Njira imeneyi ndiyo yodalirika koposa kuti khutu lisatupenso ndiponso kuti lisakwinyike kwambiri. Koma ndiyo yodula, ndiyonso imafuna mankhwala ogonetsa amene eni agalu okalamba amawaopa.

Kodi ukalamba ndi matenda?

Galu wamkulu thupi amayamba kuoneka ukalamba ali ndi zaka 7 kapena 8, pamene timagalu tating'ono timachedwerapo. Mantha a mwini wake si opanda pake. Mankhwala ogonetsa amafooketsa kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, ndipo chiwindi ndi impso ndizo zimawachotsa m'thupi. Ziwalo zimenezi zikatopa, ngozi imakula.

Komabe tiyeni tione manambala. Kafukufuku wamkulu amene adachitika ku Britain, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2008, adaunika agalu oposa 98,000 amene adapatsidwa mankhwala ogonetsa. Mwa agalu athanzi, mmodzi yekha pa 1,849 aliwonse ndiye adafa. Mwa agalu amene adali odwala kale, adafa mmodzi pa 75 aliwonse. Zipatala za kumeneko zili ndi zipangizo zimene kuno sizipezeka paliponse, choncho manambalawa tisawatenge ngati athu. Koma phunziro lake nlomveka: chimene chimakulitsa ngozi kwambiri ndi matenda amene galu ali nawo kale. Galu wa zaka 10 amene amadya bwino ndi kuthamanga angathe kupirira opaleshoni kuposa wa zaka 6 wowonda ndi wotsokomola.

Mafunso anayi

Ine ndikuona kuti mwini galu adzifunse mafunso anayi asanagamule.

Loyamba, kodi chotupacho nchachikulu bwanji? Ngati chili kunsonga kokha ndipo galu akudya ndi kugona bwino, kuchiza choyambitsa ndi kudikira, kapena kupopa, nkokwanira. Ngati khutu lonse lafufuma mpaka kutseka bowo, galu akulira ndi kukana chakudya, kapenanso lapopedwa kangapo koma likudzazabe, opaleshoni iganiziridwe.

Lachiwiri, kodi thupi la galuyo lili ndi mphamvu? Yang'anani ngati akutsokomola usiku, akupuma movutikira, akumwa madzi ndi kukodza mopitirira, wawonda, kapena nkhama zake zayera. Nkhama zoyera zimasonyeza kuchepa kwa magazi, kumene kuno kumabwera kawirikawiri ndi njoka za m'mimba ndi matenda a nkhupakupa. Zonsezi muuzeni dokotala osabisa. Iye amumvetsere mtima, ndipo ngati nkotheka amuyeze magazi.

Lachitatu, kodi thandizolo lili kuti? Poyambira ndi kwa alangizi a ziweto a boma, a vetenale aja, amene ambiri a iwo adaphunzira ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Iwo angathandize pa nkhupakupa ndi zilonda, ndiponso kutilozera kwa dokotala wodziwa opaleshoni. Madokotala otero m'Malawi muno ngochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda. Kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha bungwe la BSPCA, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190. Kwa wochokera kwa Makanjira kapena ku Monkey Bay nkutali kuposa apo. Ulendo wotere, m'galimoto lotentha, paokha ndi katundu wolemera kwa galu wokalamba, ndipo pofunikanso kubwererako kukachotsa ulusi.

Lachinayi, kodi alipo womusamala akachoka ku opaleshoni? Galu amakanda bala ndi zikhadabo nkudula ulusi. Amafunika kumuveka chotchinga m'khosi, chimene ena amapanga ndi kandowa kapulasitiki koboola pansi. Amafunika malo a mthunzi opanda ntchentche ndi mankhwala pa nthawi yake. Popanda munthu wochita zimenezi, ndalama za opaleshoni zingopita m'madzi.

Zoyenera kupewa

Pali anthu amene akaona chotupa amathamangira lezala ngati akutema mphini. Chonde tisatero. Magazi adzatuluka lero, mawa khutu ladzazanso, ndipo tizilombo tidzalowa pa balapo nkusandutsa chotupacho chithupsa chenicheni. Tisathire parafini, oilo wa galimoto kapena mankhwala ophera tizilombo m'thonje m'khutu la galu. Tisamupatsenso mapiritsi athu a ululu monga Brufen ndi Indocid, chifukwa amaononga impso ndi m'mimba mwa galu, makamaka wokalamba. Safunsa adadya phula.

Tikumbukirenso kuti galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Ana asamugwire khutulo. Tionetsetse kuti adabayitsa katemera wa chiwewe, ndipo munthu akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mpingo ukutinji?

Wina angafunse kuti, kodi nkoyenera kutaya ndalama pa galu pamene ana akusowa fizi? Funsoli nlabwino. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa ndime 2416 mpaka 2418, amatiphunzitsa zinthu ziwiri pamodzi. Nyama ndi zolengedwa za Mulungu ndipo tiyenera kuzikomera mtima, kotero kuzisiya zikuzunzika popanda chifukwa kumanyozetsa umunthu wathu. Komanso si bwino kuthera pa nyama ndalama zimene zimayenera kuyamba zathandiza anthu ovutika. Choncho banja limene silingathe kupita ndi galu ku Blantyre lisadziimbe mlandu. Koma kumuchotsa nkhupakupa, kumutsuka zilonda, kumuika pamthunzi ndi kuitana mlangizi wa ziweto, zimenezo pafupifupi aliyense angathe.

Maganizo anga ndi awa. Galu wokalamba koma wamphamvu, amene khutu lake latupa kwambiri ndipo dokotala ali pafupi, achitidwe opaleshoni, zaka zake zisatiopseze. Galu wofooka, kapena wokhala kutali ndi thandizo, apopedwe kapena adikiridwe uku choyambitsa chikuchizidwa. Khutu lokwinyika silimuletsa kuuwa usiku. Cholakwa chenicheni ndicho kungoyang'ana kumbali.

Aseminale anzanga, tikapita ku tchuthi tiyeni tiwayang'ane m'makutu agalu akumudzi kamodzi pa sabata, tichotse nkhupakupa zisanachuluke. Munthu amene akukonzekera kudzaweta nkhosa za Ambuye ayambe kuphunzira chifundo pa cholengedwa chimene sichingathe kunena pamene pakupweteka. Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene timamukumbukira pa 4 Okutobala, atipempherere.