Musanaimbe Mlandu Injekita, Yang'anani Waya

Mwezi wa June chaka chatha kunabwera bambo wina pa galaja yanga ndi Sienta yomwe amanyamulira anthu. Injini inkanjenjemera ngati yagwidwa malungo, ikafika pamtunda mphamvu n'kutheratu. Anali atasintha kale mapulagi. Kwina anamuuza kuti agule mainjekita anayi, iye n'kuguladi, koma matenda ali pompo. "Achimwene, ndalama zandithera," anatero atagwira m'mutu. Zinandiwawa, chifukwa ndalama zotere zimatayika kawirikawiri popanda chifukwa.

Injekita ndi kampopi kothira petulo mu injini, kamodzi pa silinda iliyonse. M'kati mwake muli koyilo, waya wopyapyala wokulungakulunga, yemwe akalandira magetsi amasanduka maginito n'kukoka kasingano kuti mafuta apopere. Pamutu pa injekita pamafika mawaya awiri okha. Wina amabweretsa mavoti 12 kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi ndi rile, mukangopotokola kiyi. Winayo amapita ku kompyuta bokosi, yomwe imatseka ndi kutsegula njira ya magetsiwo mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Ndiye kuti injekita yabwinobwino imatha kukhala chete chifukwa choti magetsi kapena lamulo la kompyuta silikuifika.

Ine ndimayambira pa khutu. Injini ikulira, ndinatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga pa injekita, chogwirira pa khutu langa. Yamoyo imamveka tiki-tiki-tiki, mosadukiza. Atatu ankayankha, ya silinda yachitatu inali zii.

Ndinazimitsa injini, n'kuzula pulagi ya injekitayo, n'kupima koyilo yake ndi mita. Pa galimoto zambiri za petulo zomwe timaitanitsa ku Japan, mita imawerenga pafupifupi maohmu 12 mpaka 16. Ikapanda kuwerenga kanthu ndiye kuti koyilo yaduka, ikatsika kwambiri ndiye kuti yapsa. Iyi inkawerenga chimodzimodzi ndi zinzake, ndipo mpake, inali yongogulidwa kumene. Nditapotokola kiyi, mavoti 12 analipo pa waya woyamba. Kenaka ndinalowetsa kanyale ka LED m'pulagimo n'kuuza mwini galimotoyo kuti alize injini. Kanayenera kuphethiraphethira, koma sikanayake n'komwe. Apa ndinadziwa kuti vuto lili pakati pa pulagi ndi kompyuta, kapena mu kompyuta momwemo.

Ndinatsatira mtolo wa mawaya ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka kuseri kwa injini komwe diso silifika. Tepi inali yong'ambika, waya ataduka, mano akuonekeratu pa pulasitiki, pambali pake timakoko ta chimanga. "Bambo, galimotoyi imagona kuti?" ndinafunsa. Anati m'shedi, pafupi ndi matumba omwe anali atangokolola. Khoswe! Ndinalumikiza wayayo ndi sodala, n'kumukulunga bwino, ndipo injini inalira mosalala.

Si makoswe okha. Madzi otsukira injini amalowa m'mapulagi, tizitsulo n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Kutentha nako kumaumitsa mawaya mpaka kuthetheka. Mainjekita onse akakhala chete pamodzi, musawakayikire: onani fyuzi, rile, ndi sensa ya kirankishafuti, chifukwa kompyuta ikapanda kumva kuti injini ikuzungulira siitsegula mafuta. Makina opimira nawo amanamiziridwa. Akalemba P0201 mpaka P0204 akungotchula njira ya magetsi ya silinda 1 mpaka 4, sakunena kuti injekita yafa.

Chimene ndimaletsa anyamata anga ndi kupima waya wa kompyuta ndi babu wamba, kapena kugunditsa mawaya kuti aone moto. Mukhoza kuotcha bokosi lodula kuposa mainjekita onse anayi. Za dizilo zamakono ndiye musazikhudze chisawawa, magetsi ake ndi aakulu.

Inu eni galimoto, makaniko akakuuzani kuti mugule injekita, mufunseni mwaulemu kuti mita yawerenga zingati ndiponso ngati kanyale kanaphethira. Akasowa yankho, sungani kaye ndalama zanu m'thumba.