Pamene Nyama za M'nyanja Zidalembedwa Usilikali

Kodi mungamgwire bwanji mdani amene simukumuona, amene akuyenda pansi pa madzi ngati ng'ona? Limeneli ndilo funso limene lidasautsa akuluakulu a dziko la Britain pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse.

Pa 1 Febuluwale 1917, dziko la Germany lidalamula sitima zake zoyenda pansi pa nyanja kuti zizimiza chombo chilichonse chopita ku Britain popanda kuchenjeza. M'mwezi wa Epulo wokha zidamiza zombo za matani oposa 800,000. Tsono Britain ndi chilumba, ndipo chakudya chake chambiri chinkachokera kutsidya kwa nyanja. Tirigu wotsala m'dzikomo adali wa masabata 6 okha. Njala idafika pakhomo.

Zipangizo zomvera phokoso m'madzi zidalipo, koma zidali zofooka. Motero a boma adatchera khutu kwa aliyense wobwera ndi nzeru, ngakhale nzeru yooneka ngati yamaseŵera.

Mmodzi wa anthu otere adali Joseph Woodward, amene ntchito yake idali yosangalatsa anthu m'nyumba za zisudzo ndi nyama zotchedwa mikango ya m'nyanja. Nyamayi siopsa ngati mkango wa kuthengo ai. Imafanako ndi katumbu, koma njaikulu kwambiri, ili ndi zipsepse m'malo mwa miyendo, ndipo imamva bwino pansi pa madzi. Woodward adaganiza kuti nyama yotha kuphunzira maseŵera ingathenso kuphunzira kulondola phokoso la injini, mphotho yake nkukhala nsomba.

Maphunziro adayambira m'maiŵe osambiramo a mumzinda wa Glasgow. Ankaliza kachitsulo pansi pa madzi, ndipo nyama ikafika pamene pakulira ankaipatsa nsomba. Pofuna kuti isamadzigwirire yokha chakudya, ankaimanga pakamwa. Zinthu zidayenda bwino, kotero kuti adapita nazo ku nyanja yaing'ono ya Bala ku Wales. Ina mwa nyamazo, dzina lake Queenie, idachita kubwerekedwa ku malo osungirako nyama a ku London.

Mayeso enieni adachitikira ku Solent, kumwera kwa England, ndi sitima yeniyeni yoyenda pansi pa madzi. Kumeneko ndiko kudavuta. M'nyanja yaikulu muli phokoso la zombo zambirimbiri, mulinso nsomba zosaŵerengeka. Asilikali atsopanoŵa akaona khamu la nsomba ankaiŵala ntchito nkuyamba kuthamangitsa ndiwo, ena osabwerako kwa maola angapo. Kunena zoona, sitingaŵadzudzule: adaloŵa ntchitoyo chifukwa cha nsomba, ndipo nsombazo adazipeza popanda bwana. Chaka cha 1917 chisanathe, ntchitoyo idalekeka.

Mbalame za kunyanja zimene zimatsata zombo nazonso zidaganiziridwa. Sitima ya pansi pa madzi imatulutsa kampope kokhala ndi galasi kuti woyendetsa aone za pamwamba. Ena adati akamamwaza chakudya pafupi ndi kampope konamizira, mbalame zidzazoloŵera kuunjikana paliponse pamene kampope katulukira, motero zidzaulula mdani. Nzeru iyinso siidapindule kanthu.

Chimene chidapulumutsa Britain chidali chinthu chakalekale chimene akuluakulu a nkhondo ya pamadzi adayamba achikana. Kuyambira mu Meyi 1917, zombo za malonda zidaleka kuyenda chimodzichimodzi. Zidayamba kuyenda m'magulu, zitazingidwa ndi zombo za nkhondo. Nyanja njotakata: kupeza gulu limodzi la zombo 30 nkovuta kuposa kukumana ndi chimodzi mwa zombo 30 zobalalika. Ndiponso sitima yofuna kuombera inkayenera kuyandikira alonda, nkudziulula yokha. Pofika kumapeto kwa chakacho, zombo zomira pa mwezi zidachepa ndi theka poyerekeza ndi Epulo, ndipo tirigu adayambanso kufika m'madoko.