Chester atapita, ndani aimbe nyimbo za Linkin Park?

Pa 5 September 2024, anthu miyandamiyanda m'maiko osiyanasiyana adali maso pa mafoni ndi makompyuta awo kuonera gulu loimba la ku America la Linkin Park likubwerera pansanja patatha zaka 7 lili zii. Nyimbo yoyamba idali yatsopano, The Emptiness Machine. Mike Shinoda adayamba kuimba monga mwa kale. Itafika ndime yachiwiri, padatulukira mayi wina yemwe adadzaima pamalo pomwe pankaima malemu Chester Bennington. Dzina lake ndi Emily Armstrong.

Kuyambira tsiku limenelo, mkangano udabuka pakati pa otsatira gululi, ndipo chimbale cha From Zero chidatuluka pa 15 November chaka chomwecho moto uli lawilawi. Funso lomwe lidawagawanitsa ndi lomwe limavuta ngakhale kumudzi: munthu akamwalira, woyenera kulowa m'malo mwake ndani, nanga achibale auzidwe liti?

Komwe adachokera

Gululi lidayamba mu 1996 ku Agoura Hills, m'chigawo cha California. Anyamata atatu omwe ankadziwana kuyambira kusukulu, Shinoda, Brad Delson ndi Rob Bourdon, ndiwo adaliyambitsa n'kulitcha Xero. Pambuyo pake mudalowa Joe Hahn ndi Dave Farrell. Zinthu sizinkayenda kwenikweni mpaka mu 1999 pomwe adapeza Bennington, mnyamata wa ku Arizona wa mawu odabwitsa. Ankatha kuimba mofatsa ngati akutonthoza mwana, mwadzidzidzi n'kukuwa ngati munthu amene waponda khala lamoto.

Chimbale chawo choyamba, Hybrid Theory, chidatuluka mu 2000. Adasakaniza magitala olira mwaukali a chamba cha rock ndi rap ya Shinoda, ndipo mu 2001 padalibe chimbale china chomwe chidagulidwa kwambiri ku America kuposa chimenechi. Mu 2003 kudabwera Meteora, momwe muli nyimbo yotchuka ya Numb. Chaka chotsatira adagwirizana ndi Jay-Z n'kutulutsa Numb/Encore, yomwe idapata mphoto ya Grammy. Ambiri amene alibe nazo ntchito za rock adalidziwira gululi panyimbo imeneyi.

Koma chomwe chidamangirira achinyamata ku Linkin Park chidali uthenga. Nyimbo zawo zinkakamba za mkwiyo, kusungulumwa, kusamvana ndi makolo ndiponso kudziona ngati wopanda pake. Bennington sankabisa kuti adachitiridwa nkhanza ali mwana, kuti adalimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso kuti ankavutika ndi matenda a maganizo. Womvera ankakhulupirira kuti woimbayo akunena zomwe wadutsamo.

Mu May 2017 gululi lidatulutsa One More Light, chimbale chofewa chomwe otsatira ena adachinyoza kuti chataya rock. Patangotha miyezi iwiri, pa 20 July, Bennington adadzipha kunyumba kwake ku California ali ndi zaka 41. Anzake adachita phwando la nyimbo lomukumbukira ku Hollywood Bowl mu October chaka chomwecho, kenaka aliyense adalowera kwake.

Kuyambiranso pa ziro

Kwa zaka zingapo, zatsopano zomwe anthu adamva m'dzina la Linkin Park zidali nyimbo zakale zomwe zidatsala m'nkhokwe, monga Lost mu 2023 ndi Friendly Fire mu 2024, zonse zili ndi mawu a Bennington. Chikhalirecho, anzake aja adali atayamba kukumana mwakachetechete n'kumajambula ndi oimba osiyanasiyana. Mapeto ake adakhazikika pa Armstrong, yemwe kwa zaka zambiri ankatsogolera gulu la Dead Sara la ku Los Angeles.

Kusintha sikudathere pamenepo. Bourdon, woimba ng'oma kuyambira pachiyambi, adasankha kusabwerera ndipo malo ake adatenga Colin Brittain. Delson adakhalabe m'gululi n'kujambula nawo chimbale, koma adasiya zoyendayenda, kotero pansanja gitala amaimba ndi Alex Feder.

Dzina la chimbale lili ndi matanthauzo awiri. Likukumbutsa za Xero, dzina lawo loyamba lija, komanso likutanthauza kuyambiranso pa ziro.

From Zero ndi chimbale chachifupi: muli nyimbo 11, kuphatikizapo kachiyambi kakang'ono, ndipo chonse chimatha m'mphindi pafupifupi 32. Munthu amene adakula ndi gululi akachimvetsera amakhala ngati akuyendera zipinda za nyumba yomwe adakhalamo kale. Two Faced imakukumbutsa za masiku a Hybrid Theory, pomwe Hahn akukanda mbale ndipo magitala akudumphadumpha. Heavy Is the Crown ili ndi fungo la Meteora, ndipo chapakati pake Armstrong amakuwa mosapumira kwa masekondi oposa khumi, ngati akuyankha amene ankakaika za mphamvu ya pakhosi pake. Casualty ndi yaukali zedi. Over Each Other amaimba yekha Armstrong, mofatsirirapo, za anthu awiri omwe aliyense akuyankhula koma palibe akumva mnzake. Overflow imayenda pang'onopang'ono, ndipo chimbale chimatsekedwa ndi Good Things Go.

Ambiri mwa olemba za nyimbo m'nyuzipepala ndi m'magazini a ku Ulaya ndi America adachiyamikira. Dandaulo lomwe lidamveka kawirikawiri lidali lakuti gululi lidachita mantha. M'mbuyomu Linkin Park inkadziwika ndi kusintha kaimbidwe pachimbale chilichonse, monga idachitira pa A Thousand Suns mu 2010, ngakhale otsatira akwiye. Ulendo uno idabwerera ku zomwe anthu adazizolowera. Zifukwa zake n'zomveka: wabweretsa kale mawu achilendo, ungawonjezerenso kaimbidwe kachilendo?

Mlendo pa mlandu

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma Armstrong adalandiridwa ndi mafunso. Patangopita maola ochepa chimulengezereni, anthu adafukula nkhani yakuti mu 2020 iye adapita kukhoti kukapereka chilimbikitso kwa Danny Masterson, katswiri wa zisudzo za pakanema yemwe mu 2023 adapezeka wolakwa pa milandu yogwiririra amayi n'kulamulidwa kukakhala kundende zaka zosachepera 30. Woimba wa gulu la The Mars Volta, Cedric Bixler-Zavala, adali m'gulu la amene adamudzudzula poyera, ndipo adamunenanso kuti ali paubale ndi mpingo wa Scientology.

Armstrong adayankha pa Instagram kuti adapitadi kukhotiko kamodzi mlandu ukungoyamba kaamba koti munthuyo ankamuyesa bwenzi, koma adazindikira kuti sadayenere kutero ndipo sadayankhulanenso naye. Adatinso sagwirizana ndi nkhanza zochitira amayi. Ena adakhutira, ena ayi. Kwa iwo, gulu lomwe woimba wake wakale adali wochitiridwa nkhanza lidayenera kusamala kwambiri posankha wolowa m'malo.

Mawu owawa koposa adachokera kubanja. Mwana wa malemuyo, Jaime Bennington, adadzudzula Shinoda kuti akufafaniza mbiri ya bambo ake. Mayi ake a Chester, a Susan Eubanks, adauza magazini ya Rolling Stone kuti adamva ngati aperekedwa, chifukwa adalonjezedwa kuti adzauzidwa gululi likafuna kuyambiranso, koma nkhaniyi adangoimvera pa intaneti monga wina aliyense.

Shinoda adakana kuti cholinga chawo n'kufufuta zakale. Iye adati akutsegula mutu watsopano. Paphwando loyamba lija adauza anthu omwe adasonkhana kuti gawo la Bennington aimbe ndi iwowo. Ndipo zakhala zikuterodi: pa nyimbo ngati In the End ndi Numb, khamu limaimba mokweza mpaka kuphimba woimba.

Zomwe msika udanena

Phokoso la pa intaneti lidali lalikulu, koma anthu adagula. From Zero idafika pa nambala 1 ku Britain, Germany, France ndi Australia, mwa maiko ena. Ku America idayambira pa nambala 2 pamndandanda wa Billboard 200. The Emptiness Machine idafika pa nambala 4 ku Britain. Tsiku lomwe chimbale chidatuluka, gululi lidali ku São Paulo m'dziko la Brazil, komwe lidaimba m'bwalo la mpira la Allianz Parque.

Nyimbo zatsopanozi zidafikanso kwa ana omwe adali asadabadwe pomwe Hybrid Theory inkatuluka. Heavy Is the Crown idasankhidwa kukhala nyimbo ya mpikisano wa dziko lonse wa masewero a pakompyuta a League of Legends mu 2024. Okonda mpira adaliona gululi pa 31 May 2025 likuimba ku Munich usadayambe mpira wa ndime yomaliza ya Champions League, womwe Paris Saint-Germain idathibula Inter Milan 5-0. Mu June chaka chomwecho lidakaimba m'bwalo la Wembley ku London, ndipo kumapeto kwa 2025 chimbalechi chidasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy ya chimbale chabwino cha rock.

Komabe si konse komwe zidayenda myaa. Kwawo ku Los Angeles, phwando lomwe lidakonzedwa kuti lichitikire m'bwalo lalikulu la Dodger Stadium mu 2025 adalisamutsira kumalo ocheperapo a Intuit Dome.

Si zachilendo

Linkin Park si gulu loyamba kukumana ndi zotere. AC/DC ya ku Australia idataya woimba wake Bon Scott mu February 1980, idatenga Brian Johnson, ndipo m'chaka chomwecho idatulutsa Back in Black, chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya nyimbo. Gulu la Queen lakhala likuyenda ndi Adam Lambert, koma pachikwangwani limalemba dzina lake padera, kusonyeza kuti mpando wa Freddie Mercury, yemwe adamwalira mu 1991, sudalowedwe. Led Zeppelin idasankha njira ina: woimba ng'oma John Bonham atamwalira mu 1980, gulu lidathera pomwepo.

Kuno kwathu, okonda reggae akudziwa za Black Missionaries ya ku Chileka. Evison Matafale atamwalira mu 2001, gululi lidapitiriza motsogozedwa ndi Musamude Fumulani, ndipo naye atatisiya mu 2007, Anjiru Fumulani adanyamula ndodo. Zimbale za Kuimba zidapitirira kutuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Chileka olowa m'malo adachokera m'banja momwemo, pomwe ku California adachokera kunja ndipo banja likuti silidafunsidwe.

Otsatira omwe akukana From Zero ambiri sanena kuti Armstrong sadziwa kuimba. Amene adamumva akuvomereza kuti mawu ali nawo. Vuto lawo n'lakuti nyimbo ngati Crawling ankazimva ngati umboni wa munthu mmodzi, ndipo umboni sabwereka. Amati gululi likadangosintha dzina. Owalandira nawo amati anzake a Bennington adalimanga nawo dzinalo kuyambira 1996, iye asadabwere, ndipo Shinoda adalemba nawo nyimbo zambiri zomwe malemuyo ankaimba. Kodi nawonso akwiriridwe amoyo?

Gululi lasintha makiyi a nyimbo zambiri zakale kuti zigwirizane ndi mawu a Armstrong, ndipo zotchuka zija likuziimbabe. Koma pali imodzi yomwe lidaiika pambali. One More Light idalembedwa pokumbukira mayi wina yemwe ankagwira nawo ntchito kukampani yawo yojambula nyimbo, koma Bennington atamwalira, anthu adaisandutsa nyimbo ya maliro ake. Mu 2025 Shinoda adauza nyuzipepala ya The Guardian kuti imeneyo saiimbanso pansanja chifukwa ndi yomvetsa chisoni kwambiri.