ZA NYENYEZI ZIWIRI ZOYENDA PAMODZI, NDI IMFA YAO

Tikayang'ana kumwamba usiku tiyesa kuti nyenyezi iri yonse ikhala payokha. Koma akatswiri a zakuthambo apeza kuti nyenyezi zazikuru zambiri zibadwa ziwiriziwiri, nizizungulirana masiku onse a moyo wao. Mwezi uno tikufotokozerani cimene cicitika imodzi ya izo ikafa.

Nyenyezi ndiyo ng'anjo yaikuru monga dzuwa lathu. Mwa ziwirizo, yolemera koposa ndiyo iyamba kukalamba, pakuti itha nkhuni zace msanga. Pokalamba itupa kwambiri, kufikira mpweya wace wakunja utayikira pa inzace. Inzaceyo niulandira, nilemera nao.

Tsono ngati nyenyezi yokalambayo inabadwa yolemera ngati madzuwa 8 kapena kupitirirapo pang'ono, lifika tsiku lakuti moto wa m'kati mwace uzima. Pamenepo mtima wace ufinyika m'kamphindi, ndipo zakunja zonse ziphulika ndi kuwala koopsa. Cotsala ndico kambulunga kodabwitsa: kukula kwace, kudutsa pakati, ndi makilomita ngati 20, ulendo wa maola 4 pansi, koma kulemera kwace kuposa dzuwa lathu. Supuni imodzi ya thupi lace ilemera ngati phiri. Dzina lace ndi nyenyezi ya nyutroni, cifukwa ipangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso tochedwa manyutroni, topanikizana popanda mpata. Walter Baade ndi Fritz Zwicky ananeneratu za nyenyezi zotere m'caka ca 1934, ndipo Jocelyn Bell anapeza yoyamba ku Cambridge m'caka ca 1967.

Nanga inzace ija? Cimene cimanga nyenyezi ziwiri ndico kukokana kwa kulemera kwao. Ngati kuphulikako kutaya koposa theka la kulemera kwa zonse ziwiri, cingweco ciduka, nizisiyana osaonananso. Zambiri zilekana ndithu. Koma popeza yaikuru ija inapatsiratu inzace cuma cace cambiri, cotayika pa imfa yace cicepa, ndipo zina zikhalabe pamodzi. Makolo athu anati, kupatsa nkuika. Pambuyo pace yaciwiri nayo ikalamba, nitupa, nibwezera mpweya kwa kambulunga kaja, kamene kayamba kupota msanga polandira mphatsoyo. Yaciwiriyo ikaphulikanso, cingwe osaduka, patsala nyenyezi ziwiri za nyutroni.

Russell Hulse ndi Joseph Taylor anapeza ziwiri zotere m'caka ca 1974 pa Arecibo, ku Puerto Rico, nalandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1993. Zizungulirana kamodzi pa maola osakwana 8, ndipo caka ndi caka ziyandikana pang'ono. Zidzagundana patapita zaka ngati mamiliyoni 300.

Kugundana kotere kunaoneka kale kwina. Pa 17 August 2017 makina a LIGO ku America anamva kugwedezeka kwa thambo kocokera ku nyenyezi ziwiri za nyutroni zimene zinaphatikana. Kuwala kwao kunayenda zaka ngati mamiliyoni 130 kuti kutifike. Poyesa kuwalako, akatswiri anaona zizindikiro zakuti m'moto umenewo mupangika zitsulo zolemera, za mtundu wa golidi.

Potero, abale, mukaona mphete ya golidi pa cala ca munthu, kumbukirani kuti mwina gawo lina la golidiyo linacokera ku nyenyezi ziwiri zimene sizinasiyane kufikira cimariziro.