Mankhwala opha udzu akachoka m'munda wa nzimbe amapita kuti?



Masiku ano waganyu wopalira sapezeka msanga, ndipo akapezeka mtengo wake ndi woboola m'thumba. N'chifukwa chake ambiri tayamba kuberekera sipuleya kumsana n'kumapopera udzu m'madimba a nzimbe, m'chimanga ngakhalenso m'mbali mwa minda ya mpunga. Kunena zoona mankhwalawa amathandiza. Nzimbe ikadali yaing'ono imachedwa kutseka mizere, ndiye udzu ukailowerera miyezi yoyambayo imangokhala yonyozoloka. Koma udzu ukauma, mankhwala aja amakhala kuti sanathe onse. Ena amatsala m'dothi, ena amanyamuka ndi madzi. Ife tili kumunsi, kumene madzi ochokera kuphiri la Zomba amathera, tsono nkhaniyi ndi yathu.

Njira zimene mankhwala amayendamo

Njira yoyamba ndi yapamwamba. Mwapopera m'mawa, madzulo kwagwa chimvula. Madzi othamanga m'makwawa amatsuka mankhwala amene anali asanalowe bwino m'dothi n'kuwatengera ku ngalande, kuchoka apo kumtsinje. Mvula yamphamvu yoyamba kugwa mutangopopera ndi imene imanyamula ambiri. Kuthirira kosefukira nakonso kumachita chimodzimodzi. Madzi otsala kumapeto kwa mzere, amene timangowasiya kuti abwerere ku ngalande, amatuluka ndi katundu.

Njira yachiwiri ndi yotsika pansi. Madzi akamalowa m'nthaka amatenga mankhwala osungunuka n'kutsika nawo mpaka kukafika pa madzi apansi, omwe aja timatunga pachitsime. M'madimba mwathu madzi sali kutali, kungokumba pang'ono mwawapeza. Ulendo wa mankhwala umakhala waufupi.

Njira yachitatu ndi yokwera pa dothi. Pali mankhwala ena amene amakakamira ku dothi zolimba. Amenewa satsika msanga, koma dothilo likakokoloka iwonso amapita nalo. Madzi ofiira aja timawaona mumtsinje wa Domasi mvula ikagwa kumtunda ndi dothi la m'minda ya anthu, pamodzi ndi zonse zimene zinathiridwamo.

Ilipo njira yachinayi, ndipo iyi ndi ya manja athu: kusakaniza mankhwala m'mphepete mwa chitsime, kutsuka sipuleya mumtsinje, kutaya botolo m'ngalande. Apa mankhwala amalowa m'madzi asanasefedwe ndi dothi ngakhale pang'ono, ali amphamvu ndithu.

Mankhwala onse si amodzi

M'minda ya nzimbe padziko lonse mumagwiritsidwa ntchito mankhwala monga atrazine, ametryn, diuron ndi hexazinone. Amenewa amathiridwa panthaka kuti udzu ufe ukamamera. Anapangidwa dala kuti akhalitse m'dothi kwa masabata ambiri, apo ayi sakanagwira ntchito yake. Kukhalitsa komweko ndiye vuto lake. Atrazine ndi hexazinone sagwirana kwambiri ndi dothi, amayenda ndi madzi mosavuta. Atrazine ameneyu alimonso mu Bullet amene ambiri timathira m'chimanga.

Glyphosate, amene tinamuzolowera ndi dzina loti Roundup, ndi wosiyana. Amapha udzu womera kale polowera m'masamba, ndipo akagwa pansi amamatirira ku dothi. Sakonda kutsika kuchitsime, koma amapita ndi dothi lokokoloka. Akapoperedwa pamadzi penipeni, zosakaniza zake zina zimapweteka nsomba zing'onozing'ono ndi ana a achule. Nanga 2,4-D wa udzu wamasamba aakulu? Iyeyu amasungunuka msanga m'madzi, koma amathanso msangako kusiyana ndi atrazine.

Chimene chimathetsa mankhwala m'munda ndi dzuwa komanso tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'dothi lapamwamba. Pansi pamene pali madzi a chitsime palibe dzuwa, tizilombo tija ndi tochepa. Atrazine akafika kumeneko akhoza kukhala zaka.

Dothi lanu ndi lotani?

Dothi lamchenga lili ngati sefa yoboola, madzi amangodutsa ndi mankhwala omwe. Dothi lokhala ndi manyowa ambiri limagwira mankhwala n'kupatsa tizilombo tija nthawi yoti tiwaphwanye. Makande a kudambo amagwira bwino, koma nawo ali ndi msampha wake. M'chilimwe amang'ambika ming'alu yoti dzanja kulowa. Mvula yoyamba imathira madzi m'ming'alumo n'kutsika molunjika osasefedwa. Makandewo akakhuta, madzi salowanso, amangoyenda pamwamba. Choncho munthu wa pamchenga aope chitsime chake, wa pamakande aope ming'alu ndi ngalande.

Zimene anzathu anaona kale

Kuno ku Malawi nzimbe zambiri zimalimidwa ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Zathu ndi za m'madimba, zotafuna ndi zogulitsa pamsika, koma mankhwala sasankha kukula kwa munda. Khalidwe lake m'dothi ndi limodzimodzi.

Ku Australia, m'chigawo cha Queensland, amalima nzimbe zambiri m'mbali mwa mitsinje yothira m'nyanja yamchere. Akatswiri anapeza diuron ndi atrazine m'mitsinjeyo, mpaka m'madzi a Great Barrier Reef, makamaka nthawi ya madzi osefukira. Boma linachita kukhwimitsa malamulo a kathiridwe ka diuron. Mayiko a mu European Union anachotsa atrazine pamsika mu 2004 chifukwa ankapezeka m'madzi apansi. Kumeneko lamulo lawo salola kuti mtundu umodzi wa mankhwalawa upitirire 0.1 microgram pa lita ya madzi akumwa. Kunena mwachidule, ndi galamu imodzi m'zigubu 500,000 za malita 20. Tsono taganizani za kachivindikiro kodzaza kamene katayikira pakamwa pa chitsime.

Chilwa ilibe potulukira

Madzi a nyanja ya Malawi amatuluka kudzera mu Shire. Chilwa yathuyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani yonse imangothira, madzi amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake amamveka kamchere. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Chimene chalowamo sichipitirira kwina, chimadikira kuti chithere momwemo.

Musayembekeze kuona nsomba zitayandama kuti mudziwe kuti zinthu zalakwika. Mankhwala opha udzu amayamba ndi zomera: ndere ndi tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi. Makumba amadya zimenezi. Tizilombo timene matemba amadya natonso timadalira zomwezo, ndipo mlamba umadya onsewo. Komanso matemba ndi milamba zimakwera m'mitsinje ndi m'madambo kukaswana mvula ikayamba, nyengo yomweyo imene ife timapopera kwambiri. Nyanja ikaphwa, mbewu ya nsomba imabisala m'maiwe a m'mitsinje yomweyi. Tikaononga maiwe, taononga nkhokwe ya msodzi wa ku Kachulu ndi ku Chisi.

Mlimi nayenso sapulumuka. Madzi a m'ngalande okhala ndi atrazine akathiriridwa pa nyemba, tomato kapena mpiru wa mnzanu wakumunsi, masamba amachita chikasu n'kupserera. Mkangano wa pachibale umayambira pamenepo.

Tichite chiyani?

Yang'anani kumwamba musanapopere. Kukachita mdima wa mvula, kapena kukawomba mphepo, sipuleya ikhale. Mankhwala a panthaka amafuna chinyezi chabe, osati madzi oyenda.

Tsatirani muyezo wolembedwa pabotolo. Kuwonjezera "kuti agwire bwino" n'kutaya ndalama, ndipo otsalawo ndi amene amapita kumadzi. Pamchenga muyezo umakhala wocheperapo, afunseni alangizi.

Gulani mankhwala a m'botolo lake lenileni, lokhala ndi dzina ndi malangizo. Bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000, ndi limene limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Opungulira m'tibotolo ta zakumwa aja simungadziwe kuti muli chiyani, ndipo mwana akhoza kumwa.

Tungani madzi ndi ndowa n'kukasakanizira kutali ndi chitsime. Botolo likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya n'kuwapopera m'munda momwemo. Kenako libooleni kuti wina asadzasungiremo mafuta, mchere kapena madzi.

Siyani mpata wosalima, wosapopera m'mbali mwa mtsinje ndi ngalande. Mabango, nsenjere ndi vetiva zimachepetsa liwiro la madzi, dothi n'kutsala pomwepo. Masangwi ndi masamba a nzimbe musamaotche, yalani m'mizere. Amapondereza udzu, amasunga chinyezi, akaola n'kukhala manyowa. Ndipo pa kadimba kakang'ono, khasu likadali ndi ntchito.

Chinthu china choti tidziwe: kuwiritsa madzi kapena kuthira WaterGuard kumapha tizilombo ta kolera, koma sikuchotsa mankhwala opha udzu. Madziwo amaoneka oyera, osanunkha. Ngati chitsime chili m'kati mwa munda wopopera, madzi akumwa katungeni kumjigo.

Madzi amene timathirira nzimbe ndi omwewo timaphikira, timasambitsira ana, timachitira wudhu tisanaswali. Wa kumtunda akapopera, wa kumunsi ndi amene amamwa. Nkhaniyi tikambirane m'makalabu a ulimi, m'makomiti a kudoko komanso tikatuluka ku Jumu'a, mvula isanagwe. Mutu umodzi susenza denga.